Buku Liyambe Laima Pagolo

Lolemba, 10 Febuluwale

Tatsegulanso ofesi lero, koyamba chiwaikire a Sajeni, bwana wathu, m'manda. Ndinapezeka ndaima pakhomo pa chipinda chawo, kudikira mawu aja akuti, "Aphunzitsi, mwachedwa, nkhondo yatha kale." Chisiyire ine choko n'kudzakhala mkonzi wa mabuku pano sindinachedwepo n'kamodzi komwe, koma ankanenabe m'mawa uliwonse.

Zonse zili mmene anazisiyira. Magalasi patebulo. Magolovesi a pagolo pamsomali kuseri kwa chitseko. Chithunzi chawo ali mnyamata, atavala yunifomu ya usilikali, makutu ali panja pa chipewa ngati zigwiriro za poto. Ndi shelefu ija ya mabuku amatope.

Ndilembe za shelefuyi, poti mlendo aliyense akaiona amayesa ndife anthu auve. Buku lililonse limene tasindikiza pano, loyamba kusokedwa a Sajeni ankalitenga, kulilowetsa m'kabudula kumsana, kumanga lamba, Loweruka n'kupita nalo kumpira wa madala kumene ankagwira pagolo. Masewero onse ali nalo: kudumpha, kugwa chagada, kugubuduzika. Lolemba ankabwera nalo, kukhala pampando, n'kumatembenuza tsamba limodzilimodzi. Akapeza onse alipo ankati, "Wabwera wamoyo." Apo m'pamene mabuku enawo ankaloledwa kutuluka pachipata. Asananene mawu amenewo, mwini buku alire bwanji, palibe chotuluka. Lamatopelo linkapita pashelefu. Ankawatcha asilikali awo.

Anthu ena amapachika satifiketi pakhoma. Bwana wathu ankaonetsa alendo matope. Ndimanyadira kuti ndinagwira ntchito ndi munthu wotero.

Pansi m'chipinda cha makina muli masamba a buku la a Lipenga, lomaliza limene a S. anavomera. Osindikizidwa kale, opindidwa kale, akungodikira ulusi. Koma makina osokera anathyoka sabata ya maliro, ndipo chitsulo chake sichikudziwika tsiku lofika.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Kaputeni wafika. Mwana woyamba wa a Sajeni, wamkazi, injiniya wa milatho. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake ali wamng'ono, chifukwa cholamula aliyense m'nyumba. Ankati, "Ine ndinathera pa usajeni, koma ndabereka bwana wanga." Tsopano kampani ili m'manja mwake, afune asafune. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pampando wa bambo ake sanakhalepo. Anakoka kampando ka alendo n'kukhala pambali.

Anachokera kuchipatala, kukaona a Lipenga. Iwowa ndi amene ankaimba lipenga m'gulu la a Sajeni, ndipo buku lawo likukamba za anthu amene anali nawo kumeneko, amene anabwerako ndi amene sanabwere. Chimene akufuna n'chimodzi: kupereka bukulo ndi dzanja lawo kwa anzawo otsala ndi kwa akazi amasiye a anzawo.

K. anati, "Aphunzitsi, bambo aja akutha. Adokotala sakulonjeza kanthu. Iwo akungofunsa za buku."

Ndiye wabwera ndi nzeru. Kutsidya kwa tawuni kuli kampani ina yokhala ndi makina omata mabuku ndi guluu. Titumize masamba onse kumeneko, tsiku limodzi zatha.

A Singano, amene amatisokera mabuku, anangovula chipewa n'kumayang'ana mkati mwake ngati mwagwera kanthu. Ine ndinapempha kuti tiyambe taganizira usiku uno.

Mwanayu sakulakwa. N'chimene chikundivuta.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndinamutengera K. pansi kukamuonetsa, poti zina zimamveka bwino ndi manja. Buku losoka limapangidwa chonchi: pepala lalikulu timalipinda kangapo, likhala kamtolo. Singano imalowa popindapo, ulusi n'kugwirizanitsa kamtolo aka ndi kanzake, mpaka buku lonse. Lomata n'losiyana. Makina amayamba adula popinda ponse, tsamba lililonse n'kukhala palokha, kenako n'kupaka guluu kumsana. Vuto lili pamenepo. Akangodula, pobaya singano palibenso. Kubwerera kulibe.

Kenako ndinayamba nkhani ya kumsasa wa asilikali. Kuti gulu lonse linali ndi buku limodzi lokha, lopanda chikuto, la munthu woimbidwa mlandu umene sanapalamule. Kuti madzulo a Sajeni ankawerengera anzawo pang'onopang'ono, kuti lisathe msanga. Kuti linali lomata, ndipo ndi kutentha ndi thukuta la m'chikwama, guluu anafooka. Tsiku lina atawoloka mtsinje anapeza masamba omalizira palibe. Anyamata anakangana mpaka kalekale ngati munthu uja anamasulidwa kapena ayi. Ena anafa asanadziwe. A S. anafufuza bukulo moyo wawo wonse osalipeza, poti ngakhale dzina lake sankalidziwa. Atavula yunifomu analumbira kuti buku lochoka m'manja mwawo silidzataya mathero ake.

K. anandilola kufika kumapeto, mwaulemu, kenako anati, "Nkhani imeneyo ndinakulira, Aphunzitsi. Ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Koma guluu wa masiku ano si wa nthawi ya bambo."

Ndinati mwina n'zoona. Ndinafunsa ngati mlatho akaumanga ndi simenti yamakono amangoutsegula.

"Ayi. Timayamba tayendetsapo magalimoto olemera."

Anandiyang'ana, n'kuseka. Koyamba chibwerere.

Tagwirizana. Limodzi likamatidwe. Lina a Singano alisoke pamanja. Onse awiri alowe pagolo Loweruka. Lomata likabwera lamoyo, Lolemba masamba onse akupita kukadulidwa, ndipo ine sinditsegulanso pakamwa. Likapanda kutero, tisoka pamanja okwanira anzawo a a Lipenga ndi amasiye, ntchito ya sabata yathunthu.

Sindikudziwa chimene ndikupempherera.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Onse awiri ali patebulo. Lomata n'lokongola, ndisaname. Msana wowongoka ngati wa msilikali pa pelete. A Singano analitembenuza, kulinunkhiza, n'kuti, "Suti yabwino. Tione ngati muli munthu."

Ndakumbukira lero mmene a S. ankabwezera zolemba zimene tazikana. Osatumiza munthu ayi. Ankakwera njinga kupita kwa mwini wake, kukhala naye pakhonde, kumuonetsa pamene nkhani yagona ndi pamene yadzuka. Ambiri mwa asilikali a pashelefu paja eni ake anayamba akanidwa. Wina anakanidwa katatu, lero ana asukulu amamuloweza.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Kunabwera a Buleki, mkulu wa timu ya madala. Amasewera kumbuyo, ndipo dzinalo likunena zonse. Mawa akusewera mpira wokumbukira a Sajeni ndi timu ya aphunzitsi opuma pantchito.

Apa m'pamene tinazindikira kupusa kwathu. Sabata yonse takangana za guluu ndi ulusi, tapanga mabuku awiri, osaganiza n'komwe kuti alowa kumsana kwa yani. Tonse mumtima tinkaona ngati Loweruka likafika, wina adzatsika masitepe n'kudzawatenga.

A Buleki anati, "Ifenso pagolo pathu pali mphepo yokha. Madala onse akukana. Wina msana, wina mkazi wake wamuletsa." Za buku ankadziwa. "Tinkati n'chifukwa chake sankawerama msanga mpira ukabwera wapansi."

K. anati, "Ndiima ine."

A Buleki anayang'ana nsapato zake zazitali zija. "Mwana wanga, madala aja amamenya mpira ngati akulipsira ukalamba."

"Bambo anandiphunzitsa kuseri kwa nyumba inoyi, pakati pa migolo iwiri ya inki."

N'zoona. Ndinkawaona pawindo, kamtsikana ka mawondo onyuka kakulamula bambo ake kuti amenyenso. K. anatsitsa magolovesi pamsomali. Manja ake awiri akhoza kulowa m'limodzi.

Loweruka, 15 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Bwalo ngati dimba. A Singano akuti ndi nyengo yabwino yoyesera buku: walira mvula walira matope.

Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Madala a mpira pakati pa bwalo. Olemba mabuku mbali iyi ndi maambulera awo. Asilikali akale mbali iyo, opanda ambulera n'mmodzi yemwe, majekete atawathina pamimba. Mpira usanayambe anandanda pamzere, wina n'kulamula, onse n'kuchitira sawasha golo lopanda munthu. Munthu mmodzi, anthu a mitundu itatu akumulira, ndipo gulu lililonse likuyesa kuti anali wawo.

Kenako K. analowa, jezi ya bambo ake ikufika m'mawondo, lomata lili kumsana.

Ndinene zoona, poti muno ndimalemba ndekha: a Sajeni sanali katswiri pagolo. Chimene anali nacho n'kusaopa kugwa. Mwana watengera zonse ziwiri. Mpira woyamba unamudutsa pakati pa miyendo. A Buleki: "Ndi magazi amenewo, musamudzudzule!" Wachiwiri anaudumphira kumanja uli kupita kumanzere. Wina mwa aphunzitsi anzanga anafuula kuti mlatho wagumuka. Iye kudzuka, kupukuta kumaso, kukonza lamba, kuimanso. Anagwa chammbali, chafufumimba, chagada, mpaka sunathenso kudziwa mtundu wa jezi.

Popuma tinasinthitsa mabuku. Lomata ndinaliika m'thumba osatsegula. Lamulo ndi lakuti mpaka Lolemba.

Chigawo chachiwiri chimodzimodzi, mpaka chakumapeto a Buleki anagwira buleki pa mwendo wa mphunzitsi wa masamu, woimbira n'kupereka penate. Bwalo lonse zii. K. anawerama pang'ono, n'kugunda zigolovesi zija kawiri. Mmene ankachitira bambo ake ndendende. Sindikudziwa ngati anadziwa. Mpira unabwera wam'mwamba, anaukankha ndi nsonga za zala, iye n'kugwa chagada ndi thupi lonse pa buku la a Singano. Mpira pamwamba pa golo.

Asilikali akale aja anaiwala mawondo awo. Ankangoti, "Sajeni! Sajeni!" Mayi ake a K., amene anakhala phee masewero onse, anaphimba kumaso ndi mpango, mapewa akugwedezeka. Kuseka kapena kulira, mwina zonse.

Tagonja. Zigoli sindinawerenge, ndipo sindifunsa.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Thumba lili pakhomo. Ndalidutsa kangapo. Sindinatsegule.

Lolemba, 17 Febuluwale

K. anafika akuyenda ngati nkhanu. Kampando ka alendo kali pamdima, ndiye poti masamba amafuna kuwala kwa pawindo, anazungulira tebulo n'kukhala pampando wa bambo ake. Sanazindikire. Ine ndi a Singano tinayang'anana.

Anayamba ndi lomata. Latupa ndi madzi, koma lagwira. Tsamba, tsamba, tsamba. Ndinayamba kukonza mumtima mawu ovomera kugonja, ndi mtima woyera, poti a Lipenga alandira mawa. Atadutsa pakati, anatembenuza tsamba lina, n'kutsala nalo m'dzanja. Linachoka mwakachetechete, ngati dzino la mwana.

Limodzi lokha. Ena onse ali nganganga.

Anakhala nalo nthawi yaitali. "Ndi limodzi lokha, Aphunzitsi. Ndipo palibe munthu adzasewere mpira ndi buku lake."

Ndinati n'zoona.

"Likhoza kumatidwanso."

Ndinati n'zoonanso. Ndinalonjeza kusatsegula pakamwa, ndipo kampani ndi yake.

Anawerenga tsambalo. Linali pamene a Lipenga akukamba za mnzawo wina wophika, amene ankaimba nyimbo imodzi yokha. Kenako anafunsa, osayang'ana aliyense, kuti bambo akanati chiyani. A Singano anayankha motsitsa: "Akanati gulu labwera, koma mmodzi watsala kumtsinje."

Anaika lomata pambali. Anatenga losoka. Chikuto chapindika, pakona pang'ambika, matope mpaka mkati. Anatembenuza lonse osathamanga, kukoka tsamba lililonse pang'ono. Atafika kumapeto anatseka, n'kuika dzanja pamwamba.

"Wabwera wamoyo."

Masana tinapita kuchipatala. K. anati akanena yekha, poti wochedwetsa ndi iye. A Lipenga aonda, mawu atsala a m'khosi. Anamvetsera zonse, za penate anafuna kumva kawiri. Atamva za sabata ina anaseka mpaka kutsokomola. "Sajeni wafa koma akundiimitsabe pamzere."

K. anawapatsa lamatope kuti likhale lawo. Analigwira, kulisisita, n'kubweza. "Ili n'lapashelefu, likaime ndi anzake. Ine ndidikira anga. Mwana wanga, mathero a buku la kumsasa lija ndawadikira moyo wanga wonse. Ndinali m'tenti momwemo."



Lachiwiri, 18 Febuluwale

Tonse pansi, matebulo talumikiza. A Singano akuphunzitsa: kuboola popinda, kulowetsa, kutulutsa, kukoka ulusi motsata msana, osati mokweza, ungang'ambe pepala. Ine ndikufotokozera amene sanamve, mwina mopitirira. K. akuti ndikanakhala m'gulu la bambo ake adani akanagona ndi kufotokoza.

Madala a mpira anabwera okha osaitanidwa. Zala ngati nthochi. A Buleki analimbana ndi diso la singano mpaka thukuta, kenako anati singano yawo ndi yotseka. Tawapatsa ntchito yosanja timitolo motsatana ndi kudula ulusi. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu ina ndi yongogwirizira makwerero.

Amene watidabwitsa ndi mayi ake a K. Anafika ndi magalasi awo, kukhala pakona, kuyang'ana kamodzi, basi. Akusoka awiri ife tili pa limodzi. Anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikuchapa makabudula a inki kumsana. Lero ndione chimene ndinkavutikira."

Lachitatu, 19 Febuluwale

Namwino waimba foni. A Lipenga sanadye, awaika pa mpweya. Tasoka osacheza.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Ndinamupeza K. pamasitepe, foni m'manja, nambala ya kampani ya guluu ili poonekera. Masamba otsala akadali ambiri osadula, akhoza kumatidwa lero lomwe.

"Aphunzitsi, bambo aja akapita mawa, ndidzati chiyani? Kuti ndinasunga ulusi?"

Ndinakhala pambali pake. Ndinangomuuza kuti bambo akenso ankakhala pa sitepe yomweyi buku likawavuta, ndipo sikuti nthawi zonse ankadziwa chochita. Ankangooneka ngati akudziwa chifukwa cha ndevu.

Anapukuta m'maso. Anaimbira kuwodi m'malo mwake, kupempha namwino awaikire foni kukhutu. Ndinamva akuti, "Bambo, ndi Kaputeni. Loweruka m'mawa, pelete. Palibe wopita kulikonse popanda chilolezo changa." Namwino akuti a Lipenga anakweza zala ziwiri kumphumi.

Tinabwerera pansi. K. wadzibaya kambirimbiri lero, zala zonse mapulasitala.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Kusoka kwatha. Tawaveka zikuto. (Pachikuto guluu timagwiritsa ntchito ndithu. Sitidana naye, timangokana kumusungitsa masamba.) Zikatero mabuku amafunika kupanikizidwa kuti aume mowongoka, koma chopanikizira chathu n'chaching'ono. A Singano anasanja mabuku pansi, kuika matabwa pamwamba, n'kuitana madala. Ndiye masana onse timu yathunthu yakhala pamatabwa, manja pamawondo, ikukangana za penate ija. A Buleki akuti aka n'koyamba mimba yawo kugwira ntchito ya maphunziro.

Wina anafuna kudzuka kukataya madzi. K.: "Khalani pomwepo." Anakhala.

Lamatope ndaliika pashelefu, kumapeto kwa mzere. Lomata K. walisunga m'kabati ndi tsamba lake. Akuti adzayesanso guluu wina tsiku lina, mvula ikadzagwa bwino. Mwana wa bambo ake, koma mutu ndi wake.

Kuchipatala akuti a Lipenga amwa tiyi pang'ono.

Loweruka, 22 Febuluwale

Namwino anatilola kukhonde la wodi. A Lipenga anawatulutsa pa njinga ya odwala, botolo la mpweya pambali, bulangeti m'miyendo. Anaumirira kuvala jekete. Asilikali akale aja analipo, ndi amayi amasiye, ena ndi ana awo owagwira mkono. Madala a mpira ananyamula makatoni n'kuima kumbuyo mwaulemu, ngati si omwe aja.

A Lipenga ankaitana mmodzimmodzi, ndi maina a kumsasa amene ife sitiwadziwa. Wamasiye ankamuitana ndi dzina la mwamuna wake. Dzanja linkalephera kulemera kwa buku, ndiye K. anagwada pambali n'kuwagwirira chigongono, koma kupereka ankapereka okha. Mkazi wa wophika uja anali pomwepo, kamayi kakafupi. Analandira ndi manja awiri. Ndinaganiza za tsamba lija, ndipo K. anandiyang'ana.

Lomalizira linapita kwa mayi ake a K. "La Sajeni. Mumuuze kuti ndadikira." Iwo anati, "Ili ndasoka ndine, ndikulidziwa mfundo yake."

Kenako K. anaika la a Lipenga pamiyendo pawo. Anatsegula pakati, osayang'ana, n'kuyendetsa chala popinda mpaka chinapeza ulusi. Anaukoka pang'ono ndi chikhadabo. Sunasunthe.

"Aphunzitsi, maso anga anatha. Tiwerengereni."

Ndinatenga buku, kukonza magalasi, kutsegula tsamba loyamba.

"Ayi," anatero. "Yambirani kumapeto."

Madala a majekete aja anasendeza mipando pafupi, mmodzi n'kutembenuzira kwa ine khutu lake labwino. Ndinatembenuza buku. Tsamba lomaliza linalipo. Ndinayamba.